Machaputala a Hope

"Ndikufunsaninso, bambo a Praise. Chaputala chachitatu cha a Kamphinda chikuchokera m'foda ya ndani?"

Dyson sanatembenuke. Anapitiriza kupukuta nsapato pakhonde, uku akuimba kamluzu kopanda mutu.

"Za kushopu timakamba kushopu," anayankha. "Pano ndi pakhomo."

"Pakhomo pano ndi pamene pali mwana amene akulira. Hope chifikireni dzulo sanalawe kanthu."

"Tsitsani mawu, mayi a Praise."

"Nditsitse mawu bwanji ngati palibe chobisa?"

Florence anaima pakati pa khomo, chitenje atachimanga cholimba m'chiuno ngati akupita kumunda. Hope anali mng'ono wake, mzime wa amayi awo, ndipo anali m'chaka chomaliza pakoleji ina yophunzitsa zaumoyo. Dzulo lake anatsika minibasi pa Golomoti maso ali psuu, n'kunena kuti akuluakulu a koleji amuitana kuti akayankhe mlandu. Kafukufuku wake wa likodzo, amene anamuyendera midzi ya ku Mtakataka pa njinga dzinja lonse, anapezeka kuti akufanana mawu ndi mawu ndi wa a Kamphinda, bambo wina wachikulire wa m'kalasi mwawo momwemo. A Kamphinda ndiwo anayamba kupereka, ndiye wakuba ankaoneka Hope.

Kafukufukuyo anamutayipa ndi Florence yemwe, kushopu kwawo pa Golomoti, kumene iye ndi mwamuna wake ankatayipira anthu makalata, kuchita fotokope ndi kumanga mabuku a ophunzira. Laputopu yawo inali yokalamba, ndipo ikapatsidwa buku lalitali m'fayilo imodzi inkangouma gwa. Choncho Dyson anamuphunzitsa njira yake. Chaputala chilichonse chinkakhala m'fayilo yakeyake, kenako pankakhala fayilo ina imene ankaitchula kuti masita. M'masitamo munalibe zambiri. Ntchito yake inali kuitana machaputala aja, kuwandandalika bwino, kuika manambala a masamba ndi kutulutsa tsamba la zamkatimu. Ukaitsegula inkayamba yaonetsa timizere tabuluu, kamzere kalikonse kakuloza kumene chaputala chake chagona.

Hope atamaliza kufotokoza tsoka lake, Florence anathamangira kushopu kuti akamusindikizire buku lina loti akaonetse. Ali kumeneko dzanja lake linapita pa masita ya a Kamphinda. Timizere toyamba tinkaloza m'foda ya eni ake. Totsalato tinkaloza m'foda yolembedwa kuti Hope.

"Ndinaona ndi maso angawa," anatero Florence. "Simunavutike n'kukopera komwe. Munangolumikiza basi, ngati munthu woba magetsi kwa mnzake."

Dyson anaika nsapato pansi.

"Chabwino, munaona. Ndiye mwaona chiyani? Likodzo la ku Mtakataka ndi la Hope yekha? Ana akukodza magazi kuyambira ku Bwanje mpaka kunyanja, aliyense akhoza kulemba zimenezo. Ine ndinangobwereka."

"Kubwereka mwini wake osadziwa kumatchedwa chiyani kwanu?"

"Ndinawauza akuluwo kuti akasinthe mawu apa ndi apo. Kupusa ndi kwawo, anakapereka chonchobe. Ndiponso aphunzitsi awo ndi osiyana. Akanalota ndani kuti chaka chino abweretsa munthu mmodzi wakunja kuti awerenge mabuku onse? Ndi tsoka chabe, ndipo tsoka silinunkha."

"Tsoka? Mwana uja anagwa ndi njinga pamlatho wa mitengo, chipsera chake chilipo mpaka lero. Ankafika pano matope mpaka m'mawondo, inu n'kumamuuza kuti, 'Limbikirani alamu, mudzatichiza ndinu.' Kani munkamunenepetsa ngati nkhumba ya pa Khirisimasi?"

Dyson anaimirira, n'kumuyandikira mpaka Florence anamva fungo la polishi m'manja mwake.

"Musadzione woyera lero, mayi a Praise. Chaka chathachi, chaputala cha mnyamata wa ku Mua uja chinalowa m'mabuku a anthu angati? Ankasintha mayina pachikuto ndi ndani? Si zala zanuzi? Malata ali padengawa mukuyesa anachokera ku fotokope? Nthawi imeneyo simunafunse kuti foda ndi ya ndani. Lero chifukwa wapsa ndi wanu ndiye mwadziwa kuti moto umaotcha."

Mawuwo anamulasa Florence, chifukwa anali oona. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mwambiwo ankaudziwa kuyambira ali mwana, koma ankauyesa wa anthu ena.

"Mukanene kukoleji," anatero, mawu atatsika tsopano. "Mukanene kuti wolakwa ndinu."

"Kuti ndikamangidwe? Ndipo mukuyesa ndikalowa ndekha? Wotayipa ndinu."

Nthawi yomweyo Hope anatulukira kuseri kwa nyumba, atanyamula ndowa, zikope zitatupa. Anapinda mawondo pang'ono.

"Mwadzuka bwanji, alamu?"

Nkhope ya Dyson inasintha msanga ngati ya mwana amene wamva mapazi a mphunzitsi.

"Tadzuka, alamu, kaya inu? Ndiye tikukamba nkhani yanu yomweyi ndi achemwali anu. Ine tulo sindinatione. Anthu ndi oipa, alamu. Kogona kwanu kuja simunam'bwerekepo mnzanu fulashi?"

"Ndinam'bwereka Mary kamodzi. Koma Mary sangandichite zimenezo."

"Mtima wa mnzako ndi tsidya lina. Kaganizireni bwino za Mary ameneyo."

Anamugwira paphewa momutonthoza, n'kuvala nsapato, n'kuliza njinga yake yamoto. Florence anayang'ana phewa limene dzanjalo linagwira, ndipo analowa m'nyumba kuti mng'ono wake asaone nkhope yake.

Panapita masiku Florence akulephera kumuuza Hope. Pomaliza anapita kwa amayi awo, a Anjelina, amene nyumba yawo inali kuseri kwa khola. Anawapeza akuyanika mpunga pamkeka, kamtengo koingitsira nkhuku kali pambali. Anakhala pansi n'kuwafotokozera zonse, za masita ndi timizere tomwe, ngakhale ankadziwa kuti za timizerezo sakuzimva.

A Anjelina anapitiriza kusalaza mpunga ndi chikhatho.

"Hope wamuuza?"

"Sindinamuuze."

"Usamuuze."

"Amayi!"

"Ndati usamuuze. Khoswe akakhala pamkhate sapheka, mwana wanga. Ukamenya khoswe uswa mkhate. Ine magazi akathamanga amanditengera kuchipatala ndani? Malume ako ali ndi njinga yamoto? Praise sukulu yolipira ija akumuphunzitsa ndani? Ukachotsa mwamuna ameneyu pakhomo pano tizidya mapepala a Hope?"

"Ndiye Hope achotsedwe sukulu ndi dzina la wakuba?"

"Hope ndi mwana, adzapeza pena. Banja likasweka silibwerera. Madzi akatayika saoleka."

"Atayika kale madziwo, amayi, ndipo ndi a mwana wanu. Munagulitsa ng'ombe imene anasiya bambo kuti iyeyu aphunzire."

"Ndikudziwa chimene ndinagulitsa, usandiphunzitse!" Anaponya kamtengo kaja pa nkhuku imene sinali pafupi n'komwe. "Ukuyesa sizikundipweteka? Koma ine ndakula, ndaona. A Kamphindawo ndamva kuti ali ndi galimoto, kuntchito kwawo ndi bwana. Iwe ukapita kumeneko ndi chitenje chakochi akakumvera ndani? Utaya mwamuna, Hope atayabe sukulu, tonse tikhala pansi. Pirira. Akazi tonse tinapirira."

Florence ananyamuka osatsanzika. Atafika pakhola anacheuka, n'kuona amayi ake atawerama, akutola timiyala mumpunga kamodzikamodzi ngati palibe chimene amva.

Anaganiza zoti atenge yekha laputopuyo apite nayo kukoleji. Anadikira tsiku limene Dyson anapita ku Salima kukagula mapepala ndi inki, n'kutsegula shopu yekha. Kunja mabasi ankaitanira, anyamata a chipisi akukangana ndi akabaza, koma iye sankamva kanthu. Anatsegula masita ya a Kamphinda. Timizere tija panalibe. Buku lonse linangotambasuka kuyambira pachikuto mpaka kumapeto. Dyson anali atadula zolumikiza zonse, machaputala n'kulowa m'fayilomo ngati anabadwira momwemo. Anafufuza foda ya Hope, osaipeza. Masita ya Hope inalipo, timizere take tili ndandanda, koma akadina kalikonse laputopu inkangoti fayiloyo sikupezeka.

Anawerama kuyang'ana pansi pa tebulo, pamene pankakhala katoni ya mapepala a mafunso, aja Hope ankalembapo mayankho a amayi a m'midzi. Panatsala chizindikiro cha katoniyo pafumbi.

Dyson anamupeza masana atakhala pampando, manja ali pamiyendo.

"Mapepala a Hope ali kuti?"

"Ali kwa amene akuwafuna kwambiri."

"Mwawapatsa a Kamphinda."

"Komiti ya kukoleji ikafuna kuona mapepala a kumudzi," anayankha Dyson, akutsitsa katundu wake. "Munthu uja ali ndi ana, ali ndi ntchito yoti ataya. Hope ataya chiyani? Kachaka kamodzi?"

"Nanga foda?"

"Ndafufuta. Ndakupulumutsani inuyo, tsiku lina mudzandithokoza. Tandipatseni malo, pali anthu akudikira fotokope."

Lamulungu masana, anthu atangoweruka kutchalitchi, galimoto yoyera inaima pansi pa mtengo wa mango. Munatuluka a Kamphinda, bambo wojintcha, shati yositidwa bwino, fungo la mafuta onunkhira likuwatsogolera. Dyson anathamanga kukawatsegulira kumbuyo. Anatsitsa thumba la feteleza, mapaketi a shuga, mafuta ophikira ndi chitenje chatsopano. Florence anaona kuti malume awo, a Lackson, amene anali mwini mbumba, afika kale ndipo akhala pampando jekete ili pathupi. Apo anadziwa kuti msonkhanowu unakonzedwa iye osauzidwa.

Amuna anakhala pamipando, akazi pamkeka. Hope atawaona a Kamphinda anafuna kubwerera, koma amayi ake anamukoka kuti akhale. Dyson anaika chitenje chija pamiyendo ya apongozi ake.

Atatha malonje, a Kamphinda anayeretsa kukhosi.

"Ine sindinabwere kudzakangana, akuluakulu. Hope ndi ngati mwana wanga. Zachitikazi kaya zinachitika bwanji, adziwa ndi Mulungu. Koma komiti ija ndimaidziwa. Ikaona anthu awiri akukanirana imachotsa onse. Koma wina akavomera n'kupepesa, amangom'bweza chaka. Ndiye ndimati mwanayu akangonena kuti anaona buku langa n'kutengako mwachibwana. Chaka si kanthu. Akamaliza, ntchito ndidzam'pezera ine. Kuofesi kwathu ndikalankhula anthu amamva."

"Ndikavomere chiyani?" Hope anafunsa. "Zimene sindinachite?"

"Hope, ulemu," anatero a Lackson. Maso awo ankapita pathumba la feteleza n'kubwerera, kupita n'kubwerera. "Munthu wamkulu akabwera yekha pakhomo, wakulemekeza. Ndipo paja kugona pakati n'kuyambirira. Anzako anayamba kupereka, iwe unachedwa. Lero ukakakamira, ukatuluka ndi chiyani? Apa akukupatsa njira, ntchito n'kukulonjeza. Ena amamaliza sukulu n'kumagulitsa tomato pamsewu."

"Amalume, ndinayenda ine. Amayi aja ankandiuza za ana awo ine. Ena ankalira."

"Palibe akukana kuti unayenda. Tikukamba za mawa."

Dyson anaweramira kutsogolo, manja atawaphatikiza ngati mkulu wampingo.

"Alamu, ine nkhaniyi yandidya mutu. Ndaiyang'ana uku ndi uku, njira ndi yomweyi. Mary uja anakupwetekani, koma umboni tilibe. Tikanakhala nawo ndikanapita ndekha kukoleji kuja."

Hope anayang'ana amayi ake. A Anjelina ankayang'ana maluwa a pachitenje chili pamiyendo pawo. Anayang'ana amalume ake, n'kuyang'ana pansi. Misozi inagwera pamkeka.

"Ngati nonse mukuti ndivomere," anayamba motero, mawu ake ngati a kamwana.

Florence sanadziwe kuti waimirira nthawi yanji. Anangozindikira ali chilili.

"Usavomere, Hope. Mary sanakubere. Wakuba ndi uyu wakhala apayu, bambo wa mwana wanga. Anatenga machaputala ako n'kuwalumikiza ku buku la akuluwa, n'kulandira malipiro ake. Ndinaona ndekha tsiku lomwe unafika. Atadziwa kuti ndaona anadula zolumikiza, foda yako n'kuifufuta, katoni ya mapepala ako n'kuwapatsa awa. Amayi akudziwa, ndinawauza."

Kenako Dyson anaseka kaseko kouma.

"Mkaziyu mutu wake sukuyenda bwino masiku ano. Pepani bwana."

"Florence!" A Lackson anamenya ndodo pansi. "Za m'nyumba sitiyanika pamaso pa alendo. Unakulira kuti iwe?"

"Mlendo wake uti, amalume? Awa ndi eni nkhani. Mwakhala pano amuna atatu kuti mugule mwana wa mlongo wanu ndi shuga, ndiye manyazi akhale anga? Inu ndinu mwini mbumba. Mbumba yake ndi iyi ikulira apayi. Kapena mbumba yanu ndi thumbalo?"

"Khala pansi!"

"Sindikhala. Ndakhala pansi nthawi yaitali."

A Kamphinda anaimirira, n'kusasa fumbi pabuluku mosafulumira. Nkhope yawo sinasinthe n'komwe.

"Mayi, mawu opanda umboni ndi mphepo. Musamale, kuipitsa dzina la munthu ndi mlandu. Ine ndinabwera ndi mtendere, mwaukana. Tikaonana kukomiti."

Analunjika kugalimoto. A Lackson anawatsatira chothamanga, jekete ikuwakupiza.

"Bwana, bwana! Nanga katunduyu mukumusiya?"

"Ndi wanu, amalume."

Galimoto itachoka, Hope anapukuta m'maso n'kuyang'ana mlamu wake.

"Alamu, ndinamuimbira foni Mary. Ndinamutukwana, ndinamutchula mfiti, chifukwa cha mawu anu. Analira, akulumbira kuti sakudziwa kanthu. Inu munali pakhonde pomwepa mukumva."

Dyson anatulutsa foni m'thumba n'kuyamba kuidina.

"Amayi, munkadziwa?" anafunsa Hope.

"Ndinkafuna mtendere, mwana wanga."

Hope sanafunse Florence kanthu. Anangomuyang'ana nthawi yaitali, n'kunyamuka kupita kuseri. Florence akanakonda atamutukwana. Ali chiimire anamva kukhuluza pansi, atacheuka anaona a Lackson akukokera thumba la feteleza kunjinga yawo yakapalasa, akuyang'ana uku ndi uku kufuna chingwe chomangira.

Tsiku la mlandu anakwera minibasi awiri, Florence ndi Hope. Njira yonse Hope ankayang'ana pawindo. Kukoleji anawalowetsa m'chipinda cha tebulo lalitali, kuli aphunzitsi atakhala mbali imodzi. Florence anapempha kuti alankhule, ndipo anamulola. Anafotokoza za shopu, za mmene ankagawira buku m'machaputala, za masita ndi timizere take, ndi zimene anaona. Ananenanso za mnyamata wa ku Mua, ndi kuti pachikuto ankasintha mayina ndi iye. Sanasiye pakati.

"Laputopuyo mwabwera nayo, mayi?" anafunsa wapampando.

"Ayi. Ngakhale ndikanabwera nayo, mwamuna wanga anafufuta kale."

"Ndiye tili ndi mawu anu okha. Ndipo inu ndinu mchemwali wake wa woimbidwa mlandu."

A Kamphinda ataitanidwa analowa atanyamula katoni ija, n'kuiika patebulo mwaulemu. Mphunzitsi wina wamkazi anatulutsa mapepala angapo n'kuwayang'anitsitsa.

"Koma zolembazi ndi dzanja la Hope."

"Zoonadi, madamu," anayankha a Kamphinda osaphethira. "Ine ndi ntchito yangayi sindikanatha kuyenda midzi yonse. Ndinamulemba ganyu mwanayu kuti azikandifunsira mafunso. Sindinadziwe kuti pambuyo pake atenga zonse n'kuzitcha zake. Ndinamuchitira chifundo, lero ndi izi."

Florence anagwira m'mphepete mwa tebulo.

Chigamulo anawauza tsiku lomwelo. Komiti inati yalephera kudziwa mwini weniweni, choncho mabuku onse awiri yawakana. Hope anauzidwa kuti akhale kunyumba chaka chathunthu, adzabwere ndi kafukufuku watsopano, chifukwa mchemwali wake yemwe wavomera kuti bukulo linadutsa m'shopu yogulitsa ntchito za ena. A Kamphinda komiti inangowachenjeza, n'kuwalola kuti akonze lina apereke teremu yomweyo, poti kuntchito kwawo ankawadikira.

Ali pakhonde, mphunzitsi wamkazi uja anawatsatira.

"Ine ndakukhulupirirani," ananong'ona. "Koma m'chipindamo ndinali ndekha."

Anabwerera mofulumira asanamuyankhe.

M'minibasi yobwerera, atadutsa Mtakataka, Hope analankhula koyamba.

"Achemwali, mukanandiuza tsiku lomwe lija, katoni ikanakhala ili ndi ine."

"Ndikudziwa."

"Ndangofuna mudziwe."

"Ndikudziwa, Hope."

Atafika, Florence sanakhale pansi. Analowa kuchipinda, n'kutulutsa sutikesi ya Dyson, n'kuponyamo mashati, mabuluku ndi nsapato, n'kuiika pakhonde. Mudziwo unali wa kwawo kwa Florence, Dyson anali mkamwini. Atabwera kuchokera kushopu anaima n'kuyang'ana sutikesiyo.

"Ndiye mwapindula chiyani?" anafunsa. "Ndamva kale zonse. Akanavomera, chikanakhala chaka chomwecho, koma ndi ntchito pamwamba. Mwam'tayitsa ntchito mng'ono wanu chifukwa cha pakamwa."

"Nyamulani."

"Mudzandifuna, mayi a Praise. Amayi anu akadzagwa mudzawabereka kumsana mpaka ku Mua."

"Ndidzawabereka. Nyamulani."

Anamangirira sutikesi panjinga yamoto n'kupita kukagona kushopu. Laputopu, pulinta ndi makina a fotokope zinatsala m'manja mwake. A Lackson anabwera m'mawa mwake kudzanena kuti nkhani ya banja sathetsa munthu mmodzi, ayenera kukhalapo ankhoswe. Florence anawauza kuti ankhoswe abwere, adzawafotokozera zonse kuyambira pa thumba la feteleza. Sanabwerenso. A Anjelina anakhala masiku osamulankhula, ndipo akakumana kumjigo ankayang'ana kumbali. Praise anasamutsidwira kusukulu ya boma. Florence anabwerera kumunda wa mpunga, ndipo zala zimene zinazolowera mabatani zinayamba matuza.

Hope anamuimbira Mary kuti apepese. Mary sanayankhe foni.

Patapita milungu, Hope anasankha mutu wina, wa matenda otsegula m'mimba mwa ana a m'madoko. Anakonza mafunso atsopano, n'kunena kuti ulendo uno alemba ndi dzanja mpaka adzapeze kompyuta kukoleji. M'mawa wina anatulutsa njinga, Florence akumuthandiza kupopa tayala lakumbuyo, pamene kabaza anaima pamsewu n'kutsitsa mtsikana wovala bwino, kachikwama kali paphewa. Anali wa msinkhu wa Hope.

"Odi! Pano ndi pa a Dyson a kushopu?"

"Anasamuka," anayankha Florence. "Ndinu ndani?"

"Ndine Yunisi, ndachokera ku Ntcheu. Kushopu ndapeza kotseka, ndiye anthu andilozera kuno. Ndimafuna andithandize za kafukufuku wakusukulu."

Florence anasiya pampu n'kupukuta manja pachitenje. Anamuyang'ana mtsikanayo, nkhope yake yosalala, ndipo chifundo chinamugwira.

"Mwana wanga, ndimvere. Ngati wayenda m'midzi, wavutika, walemba zako, usazipereke kwa munthu ameneyo. Kafune kwina kotayipitsa, ngakhale kutali. Ukhale pomwepo akutayipa, ndipo usasiye pepala ngakhale limodzi."

Yunisi anaseka mwamanyazi, n'kuyang'ana kumsewu ngati pali wina akumvetsera.

"Ayi mayi, simunandimve. Ine sindinalembe kanthu. Mnzanga wina wandiuza kuti ali ndi wa likodzo wopangapanga, amangosintha chikuto ndi chaputala choyamba. Ife koleji yathu ndi ina, sangadziwe. Akuti ndi wabwino kwambiri, mwini wake anayendadi midzi yonse."

Florence anayang'ana mng'ono wake.

Hope anamaliza kumanga chikwama pakaliyala, n'kukoka chingwe kuti aone ngati chalimba. Kenako anakweza mutu n'kumuyang'ana mtsikanayo kuyambira kumapazi mpaka kumutu.

"Anayendadi," anatero.

Anakwera njinga n'kulowera njira ya kudoko. Yunisi anamuyang'ana mpaka atakhota, kenako anatembenukira kwa Florence.

"Ndiye mayi, nambala yawo ya foni muli nayo?"